Malo Oyenera Kuika Zodyera ndi Zomwera za Nkhuku za Pakhomo

Ambiri a ife amene timaweta nkhuku kuseri kwa nyumba timaganizira kwambiri za chakudya choti tigule, kaya ndi madeya a kuchigayo, kaya ndi chakudya chosakaniza kale cha m'sitolo, ndipo timayesetsa kukumbukira nthawi ya katemera wa chitopa. Koma ikafika nkhani ya malo oika chodyera ndi chomwera, timangozikhazika pamene dzanja lafika msanga, kawirikawiri pafupi ndi chitseko cha khola kuti tisavutike kulowa mkati. Malo amenewo amakomera mwini nkhuku kuposa nkhukuzo. Ine ndinaweta zaka zingapo ndisanazindikire kuti chakudya chimene ndinkadandaula kuti chikutha msanga sichinkalowa chonse m'mimba mwa nkhuku, popeza china chinkakwiririka mu utuchi, china chinkanyowa n'kuchita chuku, ndipo china chinkatha ndi makoswe usiku. Nditasuntha ziwiya zomwezo n'kuziika pamalo oyenera, thumba la chakudya linayamba kukhalitsa popanda kusintha china chilichonse.

Tisanasankhe malo, ndi bwino kukumbukira mmene nkhuku imadyera ndi mmene imamwera, chifukwa malangizo onse akuchokera pamenepo. Thadzi loikira mazira limadya magalamu pafupifupi 110 mpaka 120 pa tsiku, ndipo madzi amene limamwa amalemera pafupifupi kawiri kuposa chakudyacho, kutanthauza kuti mathadzi 10 amafuna malita oposa 2 pa tsiku wamba, ndipo m'nyengo yotentha mlingowo umakwera kwambiri. Dzira lenilenilo magawo ake pafupifupi atatu mwa anayi ndi madzi, n'chifukwa chake nkhuku zikasowa madzi ngakhale tsiku limodzi mazira amatsika. Nkhuku simwa kamodzi n'kukhuta monga imachitira ng'ombe kudambo. Imajompha chakudya pang'ono, n'kupita kukanyowetsa kukhosi, n'kubwereranso, ndipo imachita zimenezi kambirimbiri kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Kukada maso ake saona bwino, motero imakwera pogona pake ndipo sidya kapena kumwa mpaka kutacha. Chomaliza n'chakuti nkhuku inabadwa yopalasa, ndipo chilichonse chimene chili pansi pa miyendo yake imachimwazira kumbuyo, ngakhale chikhale chakudya chodula chotani.

Kutalika kwake kuchokera pansi

Chinthu choyamba kukonza, chomwenso chimapulumutsa chakudya chochuluka, ndi kutalika kwa chiwiya kuchokera pansi. Mlomo wa chodyera uzikhala pa msinkhu wa msana wa nkhuku itaimirira bwinobwino. Chikatsika kuposa pamenepo, nkhuku imalowetsamo miyendo n'kumapalasa, imakokera chakudya kunja ndi mlomo posankha tinjere ta chimanga, ndipo ikatembenuka imasiyamo zitosi. Chikakwera kwambiri, zing'onozing'ono zimalephera kufikira. Pakhomo pambiri pamakhala nkhuku zachikuda zosakanikirana ndi mikolongwe, nkhuku zakuda zija za mtundu wa Black Australorp zimene zinatenga dzina la malo oswetsera ziweto a Mikolongwe ku Chiradzulu, ndipo mikolongweyo imakhala yaitali kuposa zinzake. Zikatero muyeso muutengere pa nkhuku yaifupi kwambiri, chifukwa yaitali ikhoza kuwerama pamene yaifupi singathe kudzitalikitsa.

Zodyera zozungulira za pulasitiki, zimene m'masitolo a zaulimi amazitchula kuti ma feeder, zimagwira bwino ntchito zikapachikidwa ku mtanda wa denga. Gwiritsani ntchito waya wokhala ndi mbedza kumapeto kwake m'malo mwa chingwe cha khonje, popeza chingwe chimatamuka ndi kulemera ndipo makoswe amatsikirapo mosavuta. Ngati makoswe ndi ambiri, boolani mbale yakale pakati n'kuilowetsa mu wayamo mozondoka kuti khoswe akafika pamenepo aterereke. Amene alibe ndalama yogulira zodyera za m'sitolo asade nkhawa, chifukwa nsungwi yaikulu yong'ambidwa pakati, kapena matabwa atatu okhomedwa ngati kabwato, zimakwanira ndithu malinga zakhazikidwa pa njerwa kapena pa timiyendo tolimba. Pamwamba pa chodyera chotere muyike kamtengo kowongoka kamene kamazungulira nkhuku ikakaponda, kuti isapeze poima. Musadzaze mpaka pakamwa. Theka kapena kuchepera pamenepo ndi wokwanira, ndipo kuwonjezera kawiri pa tsiku kumaposa kudzaza kamodzi n'kuona gawo lina litamwazika pansi.

Chomwera nachonso chikhale pa msinkhu wa msana. Nkhuku siyamwa madzi monga imachitira nkhunda, koma imaviika mlomo n'kutukula mutu kuti madziwo atsetsereke kukhosi, ndipo chomwera chikakhala pansi kwambiri ena amadontha panjira. Popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, chomwera cha malita 5 kapena 10 chimakhala bwino pa njerwa kusiyana ndi kuchipachika, chifukwa chopachika chimagwedezeka nkhuku zikachigunda ndipo madzi amakhavukira pansi. Njerwazo zikhale zofanana, ndipo mukakhazika chomwera muyang'ane madzi a m'mbale yake ya pansi: ngati mbali ina afika pakamwa pamene mbali ina pansi pakuonekera, ndiye kuti chapendekeka ndipo chidzakhala chikudontha tsiku lonse mpaka kutha. Amene amagwiritsa ntchito timawere ta chitsulo tolumikizidwa ku ndowa kapena ku paipi adziwe kuti muyeso wake ndi wosiyana, pakuti timeneti timayenera kukhala pamwamba pang'ono pa mutu, kuti nkhuku izikweza khosi pomwa koma mapazi ake ali pansi.

M'kati mwa khola

Malo oipitsitsa m'khola lonse ndi pansi pa mitengo imene nkhuku zimagonapo. Gawo lalikulu la zitosi limagwa usiku pamalo amenewo, ndipo aliyense amene anasesapo khola m'mawa amadziwa mzere wa zitosi umene umatsatira mtengo wogonapo kuchokera uku mpaka uko. Matenda otsegula m'mimba a magazi amene amapha zipsolopsolo, amene alangizi a ziweto amawatchula kuti coccidiosis, pamodzi ndi njoka za m'mimba, zimafala nkhuku ikameza zitosi za inzake, ndipo chitopa nachonso chimayenda m'zitosi ndi m'mamina a nkhuku yodwala. Choncho ziwiya zikhale mbali ina ya khola, mitengo yogonapo mbali inanso, ndipo muonetsetse kuti pamwamba pa ziwiyazo palibe mtanda, msomali waukulu kapena zenera pamene nkhuku ingakonde kukwera masana.

Musaziikenso pafupi ndi zisa zoikiramo mazira. Thadzi lofuna kuikira limafuna malo a mdima pang'ono ndi abata, ndipo pamene pali chakudya pamakhala piringupiringu tsiku lonse. Mazira amadetsedwa ndi mapazi onyowa, ena amasweka, ndipo nkhuku ikalawa dzira losweka n'kuzolowera, khalidwe limenelo limavuta kuthetsa. Pakhomo penipeni pa khola si pabwinonso, chifukwa mvula ya mphepo imalowera pomwepo, nkhuku zimathamangirapo potuluka m'mawa, ndipo inu nomwe mukhoza kugunda chomwera ndi mwendo polowa mutanyamula ndowa. Pakona n'pamene ambiri timathamangira poganiza kuti tikusunga malo, komatu chodyera chozungulira chikakanikizidwa pakona, theka la mlomo wake limatsekeka ndi makoma, ndipo nkhuku yofooka ikapanikizidwa pamenepo ndi yamphamvu imasowa kothawira. Malo abwino ndi amene nkhuku zingazungulire chiwiyacho mbali zonse, powala mokwanira kuti zione chimene zikudya.

Chodyera ndi chomwera zisagundane, komanso zisatalikirane kwambiri. Zikagundana, nkhuku imachoka pa chakudya mlomo uli ufa wokhawokha n'kukausukuluza m'madzi, ndipo pofika masana madziwo amakhala atasanduka phala losasa. Madzi nawonso amagwera m'chakudya, chimene chimagwirana n'kuyamba kuchita chuku. Chuku chimenechi ndi chomwe timachiopa pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, ndipo poizoni wake amawononga chiwindi cha nkhuku, amachepetsa mazira ndiponso amafooketsa thupi kotero kuti ngakhale katemera sagwira bwino ntchito. Mtunda wa mita imodzi kapena awiri ndi wokwanira kuti ufa wa pamlomo uyoyoke panjira. Musapitirire mamita atatu, makamaka ngati mukuweta nkhuku zanyama, chifukwa zimenezi zikalemera zimachita ulesi kuyenda ndipo zikhoza kukhala ndi ludzu madzi zikuwaona patali.

Pansi pa chomwera pamafuna chisamaliro chapadera. Ngakhale mutachikhazika bwino chotani, madontho amagwabe, ndipo utuchi, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza amene mwayala akanyowa amayamba kutulutsa fungo lija lolasa m'maso ndi m'mphuno, limene limapweteka njira yopumira ya nkhuku. Tizilombo ta coccidiosis natonso timakhwima msanga pamalo ofunda ndi a chinyezi. Njira imene ndinaiona kuti imathandiza ndi kukhoma kachimango ka matabwa, n'kukutirapo waya wa mabowo ang'onoang'ono, ndipo chomwera n'kuchikhazika pamwamba pake, kuti madzi otayika azigwera pansi pamene nkhuku sizingafike. Ngati pansi pa khola ndi pa dothi, mukhoza kukumba kadzenje kosaya n'kudzazamo timiyala. Kuti mudziwe ngati zoyala zanyowa mopitirira, tapani dzanja limodzi n'kufinya: zikayoyoka mukatambasula dzanja zili bwino, koma zikagwirana ngati mbamu ya nsima, zichotseni n'kuyala zouma. Amene ali ndi khola la m'mwamba lokhala ndi mipata pansi alibe vuto limeneli kwenikweni, koma iwo ayenera kuika thabwa kapena lata pansi pa chodyera, apo ayi chakudya chogwa chimadutsa m'mipatamo n'kukaitana makoswe kunsi kwa khola.

Kunja, mthunzi ndi mvula

Funso lakuti ziwiya zikhale mkati kapena kunja limayankhidwa ndi nthawi imene mumatsegulira nkhuku. Popeza usiku sizidya kapena kumwa, amene amatsegula khola kukangocha akhoza kusiya madzi kunja, mumpanda, ndipo mkati mumakhala mouma. Koma m'miyezi ya Okutobala mpaka Disembala kuno kwathu kumacha cha m'ma 5 koloko, ndipo nkhuku imadzuka ndi ludzu. Ngati mumatsegula cha m'ma 8 koloko, kapena ngati masiku ena mumachoka mwadzidzidzi kupita kumaliro n'kusiya khola lotseka, ndiye kuti mkati muyenera kukhala chomwera nthawi zonse. Maganizo anga ndi akuti pakhomo pamene pali khola ndi mpanda, chakudya chikhale pansi pa denga, madzi akhale malo awiri, mkati ndi kunja, ndipo dzuwa likalowa chodyera chichotsedwe kapena chivundikiridwe. Chakudya chogona m'khola chimadyetsa makoswe okha, ndipo kumene makoswe azolowera kumabweranso njoka.

Nkhani ya mthunzi ndiyofunika kuitsindika, chifukwa imapha nkhuku zambiri mwakachetechete. Nkhuku ilibe thukuta, ndipo thupi lake limatentha madigiri pafupifupi 41. Kukatentha imadziziziritsa popuma wefuwefu kukamwa kuli yasa, mapiko itawatayira m'mbali, ndipo kupuma kotereku kumachotsa madzi ambiri m'thupi. Tsono nthawi imene ikufunitsitsa madzi ndi yomwenso madzi a padzuwa amakhala atafunda, ndipo madzi ofunda nkhuku imangowalawa n'kuwasiya. Kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga, chigubu cha pulasitiki chosiyidwa pamtetete chimafunda nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Dzuwa limameretsanso ndere m'ziwiya zoonekera mkati, ndipo zimaterera n'kuyamba kununkha.

Posankha mthunzi musadalire zimene mwaona m'mawa pokha. Pitani pamalopo katatu, cha m'ma 9 koloko, masana dzuwa lili paliwombo, ndi cha m'ma 3 koloko, chifukwa mthunzi umayenda, ndipo dzuwa la chakumadzulo ndilo limawotcha kwambiri. Mbali ya kum'mawa kwa khoma imatetezedwa nthawi imeneyo. Kumbukiraninso kuti mthunzi umasintha ndi nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, motero mbali ya kum'mwera kwa nyumba imakhala ndi mthunzi tsiku lonse, koma chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala limadutsa pamwamba penipeni, ndipo masana khoma silipereka mthunzi woti n'kuudalira. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kumanga kachisakasa kafupi kofolera ndi udzu, popeza udzu umazizira kuposa lata, makamaka lata loyandikira pansi. Mphika wadothi wosaya, kapena phale lalikulu, umasunga madzi ozizira kuposa pulasitiki, ndipo ukakwiriridwa pang'ono mu mchenga wonyowa pamthunzi umathandiza kwambiri m'masiku otentha.

Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka pabwino, ndipo mthunzi wake ndi wozizira ndithu, koma m'mwamba mwake mumatera mpheta, njiwa ndi akhwangwala, ndipo zitosi zake pamodzi ndi masamba zimagwera m'madzi. Mbalame zakutchire zikhoza kunyamula matenda a nkhuku, choncho ngati mwasankha pansi pa mtengo, ikanipo kadenga. Kadengako kali ndi ntchito inanso: nkhuku imene yazika mutu m'chodyera siyang'ana kumwamba, ndipo kabawi kapena mphamba amadikirira nthawi yomweyo. Chodyera chisakhale pakati pa bwalo loyera, koma pafupi ndi pobisalira pamene anapiye angafike m'kanthawi kochepa tambala akachenjeza.

Dzinja likayandikira, yang'anani pamene madzi a padenga amagwera ndiponso kumene amalowera, chifukwa malo amene anali abwino m'chilimwe akhoza kusanduka chithaphwi mvula yoyamba ikangogwa. Kwezani malowo ndi dothi kapena njerwa, lambulani kangalande kozungulira, ndipo tchingani mbali imene mvula ya mphepo imachokera. Kumadera a Thyolo ndi Mulanje, kumene chiperoni chimanyowetsa zinthu ngakhale m'miyezi yozizira, chakudya chisamakhale kunja masiku otere.

Pali chinthu china chimene chimakhudza anthu a pakhomo. Pamene mumathira chakudya n'pamene nkhuku zimasonkhana, ndipo pamene zimasonkhana n'pamene zimasiya zitosi. Ngati mwazolowera kuwaza madeya pakhonde kapena pakhomo pa khitchini, ndiye kuti mwaitanira zitosi pamalo pamene mwana amakwawa ndi kutola zinthu n'kuika m'kamwa, ndipo zitosi za nkhuku zimakhala ndi tizilombo totsegula ana m'mimba. Nkhuku zoyendayenda muzizipatsa chakudya pafupi ndi khola lake, kutali ndi khonde, chitsime, chimbudzi ndi dzala. Kuchita zimenezi madzulo kumaziphunzitsanso kubwerera zokha nthawi yogona. Madzi oyera akhale pamalo amene zimakonda kusewera masana, chifukwa zikapanda kuwapeza pafupi zimakamwa madzi a sopo a pansi pa thandala kapena otuluka kubafa. Ngati pakhomo pali abakha, apatseni chomwera chawo patali, popeza iwo amasukuluza milomo ndi matope m'madzi alionse amene apeza, ndipo mbuzi zisamafike pa chakudya cha nkhuku chifukwa zikachidya chambiri zimatupa mimba.

Nkhuku yofooka ndiyo muyeso

Pakati pa nkhuku pali ulamuliro wake. Pamakhala thadzi limene limajompha onse, lina limene limajomphedwa ndi limodzi lokha, mpaka kukafika pa kankhuku kamene kamathawa aliyense, ndipo malo amene ulamulirowu umaonekera kwambiri ndi pa chakudya. Pa chodyera chachitali, nkhuku yaikulu iliyonse imafuna malo a masentimita pafupifupi 10, kotero kuti chodyera cha mita imodzi chofikirika mbali zonse ziwiri chimakwanira nkhuku ngati 20, pamene chomwecho chikagunditsidwa kukhoma chimakwanira theka lake. Komabe ngakhale muli ndi nkhuku 8 zokha, ndikulangiza kuti zodyera zikhale ziwiri, zomwera ziwiri, ndipo ziikidwe mwakuti nkhuku yoima pa chimodzi isathe kuona chinacho.

Ndinaphunzira zimenezi kudzera pa msoti wina wofiira umene unkachedwa kukula kusiyana ndi anzake oswedwa tsiku limodzi. Ndinaupatsa mankhwala a njoka za m'mimba koma sunasinthe. Tsiku lina m'mawa ndinakhala pa njerwa kunja kwa mpanda n'kumangoyang'ana, ndipo ndinaona thadzi lalikulu lakuda litaima pambali pa chodyera chimene chinali pakona, litakhuta kale koma osachokapo; msotiwo ukasendera, thadzilo linkangotukula khosi, iwo n'kubwerera kukatola timankhusu m'mbali mwa mpanda. Usiku umenewo ndinautsitsa pa mtengo wogonapo n'kukhudza chithokomiro chake, kathumba kaja ka pansi pa khosi kamene chakudya chimayamba kufikira, ndipo munalibe kanthu, pamene za anzake zinali zodzaza ngati kathumba ka mchenga. Mawa lake ndinaika chodyera chachiwiri kuseri kwa mulu wa njerwa, ndipo thadzi lija silinathe kulondera malo awiri nthawi imodzi. Kukhudza chithokomiro madzulo ndi njira yosalira ndalama yodziwira ngati nkhuku iliyonse yadya, ndipo ndi yofunika makamaka mukangobweretsa nkhuku zatsopano kapena mukasakaniza zipsolopsolo ndi zikuluzikulu.

Anapiye, thadzi lofungatira ndi nkhuku yodwala

Anapiye ogula a tsiku limodzi amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, kaya kuchokera ku babu yamagetsi kaya ku mbaula ya makala. Ziwiya zawo zisakhale pansi penipeni pa chotenthetseracho, chifukwa madzi amafunda, komanso zisakhale kumapeto kozizira kumene mwanapiye angaope kupitako. Ziikeni pakati ndi pakati, mozungulira, chodyera apa chomwera apo, kuti kulikonse kumene mwanapiye alowere akumane ndi chimodzi mwa ziwirizi. Akangofika, viikani mlomo wa aliyense m'madzi asanayambe kudya. Masiku atatu kapena anayi oyamba chakudya chiwazidwe pa katoni yoyala pansi kapena pa thireyi ya mazira yatsopano, popeza kaphokoso ka mlomo wa mnzake pa katoni kamakopa ena kuti ajomphe nawo. Chomwera chikhale chosaya, ndipo muikemo timiyala totsuka bwino, chifukwa mwanapiye amamira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo ngakhale atapulumuka, akanyowa amazizidwa n'kufa. Sabata iliyonse kwezani ziwiyazo pang'ono potsatira msana wawo, kuyambira pa kathabwa, kenako njerwa yogona, mpaka zifike pa msinkhu wa nkhuku zazikulu.

Anapiye oyenda ndi make wawo amalandidwa chakudya ndi nkhuku zazikulu, ndipo chakudya cha nkhuku zoikira sichiwayenera chifukwa mchere wolimbitsa zigoba za mazira umene uli m'menemo ndi wochuluka kwa impso zawo. Lukani kakhola ka nsungwi kapena ka bango kokhala ndi mipata yoti mwanapiye yekha n'kudutsa, n'kuikamo chakudya ndi madzi awo pamthunzi. Pamasiku amenewa ndowa ndi mabeseni a madzi a pakhomo azikhala ovundikira kuti anapiye asagweremo.

Thadzi limafungatira mazira masiku 21, ndipo limadzuka kamodzi pa tsiku kuti lidye, limwe, lichite chimbudzi ndi kusamba m'fumbi. Chakudya ndi madzi ake zikhale mapazi atatu kapena anayi kuchokera pa chisa, pamene likhoza kuziona koma liyenera kudzuka kuti lizifikire. Mukaziika m'chisa momwemo, thadzi lina limaleka kudzuka n'kuipitsira mazira, madzi amatayikira pa udzu wa m'chisa, ndipo nyenyeswa zimaitana nyerere ndi linthumbu, zimene zikhoza kupha anapiye pa tsiku loswa.

Nkhuku yodwala, pamodzi ndi iliyonse imene mwagula kumsika kapena mwapatsidwa ndi achibale, ikhale payokha kwa masabata osachepera awiri ndi ziwiya zakezake, pamalo amene madzi otsukira sangayenderere kupita ku khola lalikulu, ndipo muziisamalira pomaliza mutatha kudyetsa zinazo. Pa tsiku lopereka katemera wothira m'madzi akumwa, chotsani madzi ena onse pakhomo kwa ola limodzi kapena awiri kuti nkhuku zimve ludzu, gwiritsani ntchito zomwera za pulasitiki ndi madzi opanda klorini, ndipo muziike pamthunzi zochuluka mokwanira kuti zonse zimwe nthawi imodzi, popeza katemerayo amatha mphamvu msanga padzuwa. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wodonthezera m'diso, safuna dongosolo limeneli.

Mukaganiza zosuntha ziwiya potsatira zimene mwawerengazi, musachotse zakale tsiku lomwelo. Nkhuku imagwira malo m'mutu mwake, ndipo ikhoza kuima pamene panali chomwera, kukhosi kuli gwa, chatsopano chili mamita awiri okha kuchokera pamenepo. Ikani chiwiya chatsopano pamalo amene mwasankha, chakale muchisiye masiku awiri kapena atatu chili ndi madzi kapena chakudya chochepa, ndipo pothira m'chatsopanocho muziziitana monga mumachitira masiku onse. Ngati mukusintha kuchoka pa mbale kupita ku timawere ta chitsulo, gogodani kawereko ndi chala nkhuku zikuona kuti dontho lilendewere, ndipo mbale yakale muichotse pokhapokha mutaona ndi maso anu kuti ngakhale kankhuku kotsalira kaja kayamba kumwa pamenepo.